Kukazonda Mkungudza pa Phiri la Mulanje

Owerenga ambiri amalidziwa dzina la mkungudza chifukwa cha Buku Lopatulika. M'buku loyamba la Mafumu, mutu 5, timamva kuti Solomo pofuna kumanga nyumba ya Yehova adatumiza mau kwa Hiramu, mfumu ya ku Turo, kupempha mitengo ya ku Lebano, ndi kuti adasonkhanitsa amuna 30,000 a thangata, namawatumiza kumapiriko 10,000 mwezi uliwonse mosinthana. Koma si onse amene amadziwa kuti dzinalo ndi lathu lomwe. Mkungudza wathu ndi wa mtundu wina ndi uja wa ku Lebano, ndipo pa dziko lonse lapansi umamera wokha pa malo amodzi basi, pamwamba pa phiri la Mulanje. Mu 1984 boma lidausankha kukhala mtengo wa fuko la Malawi. Mu 2017 akatswiri atayendera phiri lonse kuti awerenge mikungudza ikuluikulu yobala mbewu, adapeza isanu ndi iwiri yokha.

Chotero ulendo umene ndifuna kukusimbirani udali ngati wa munthu wopita kukazonda wodwala. Ndidatsagana ndi gulu la ophunzira a ku sukulu ya ukachenjede, anyamata ndi atsikana, ambiri a iwo ana a mpingo wathu, amene adapatula sabata imodzi ya tchuthi chawo kumapeto kwa mwezi wa Julaye kuti akathandize kusamala mbande zimene zidabzalidwa paphiripo. Padalibe wowalamula, ndipo padalibe malipiro. Ufa, nyemba, matemba ndi ndalama za galimoto adasonkha okha.

Kuchokera ku Limbe tidadzera msewu wa ku Thyolo. Titapitirira msika wa ndiwo zamasamba wa pa Bvumbwe tidalowa m'minda ya tiyi, yosalala ngati mutu wometedwa kumene, yobiriwira ngakhale m'nyengo imene kwathu ku chigawo chapakati udzu udauma kale. Tiyi ameneyu ali ndi chibale ndi mpingo, pakuti adayamba kumera m'munda wa mishoni ya Blantyre, ndipo mu 1891 Henry Brown adakabzala mbewu zake ku Mulanje. Pofika pa Luchenza phiri lidali litadzaza kale kutsogolo konse. Munthu wozolowera mapiri a ku Dedza kapena phiri la Nkhoma amayesa kuti akudziwa chimene phiri lili, koma Mulanje ndi nkhani ina. Lidzuka mwadzidzidzi pakati pa chigwa, makoma ake a thanthwe ali chilili, ndipo nsonga yake ya Sapitwa, imene ili mamita 3,002 kuchokera pa nyanja ya mchere, siioneka kawirikawiri chifukwa cha mitambo. Pa Chitakale tidakhotera mumsewu wa ku Phalombe, ndipo dzuwa lisanalowe tidafika ku Likhubula, kumene Sinodi ya Blantyre ili ndi nyumba yake yolandirira alendo ndi misonkhano ya achinyamata.

Chinthu choyamba kutilonjera ku Likhubula chidali fungo. M'mbali mwa msewu amisiri amagulitsa timabokosi, ndodo ndi zosema zina, ndipo amene watsegula kabokosi ka mkungudza saiwala kununkhira kwake. Fungo limenelo ndilo tsoka la mtengowu. Utomoni wake umathamangitsa chiswe ndi anankafumbwe, thabwa lake siliola msanga ngakhale m'madzi, motero anthu akhala akulifuna pomanga madenga, zitseko, ngakhale mabwato a ku nyanja. Alexander Whyte, katswiri wa zomera amene ankagwira ntchito m'boma la atsamunda, adakwera phirili mu 1891, ndipo dzina la mtengowu m'mabuku a sayansi, Widdringtonia whytei, lidatengedwa kwa iye. Patangopita zaka zochepa macheka adayamba kulira paphiripo. Mu 1927 phiri lidaikidwa m'gulu la nkhalango zotetezedwa ndi boma, koma lamulo lolembedwa pa pepala silidaletse nkhwangwa.

Ophunzira aja adakangana pang'ono ngati nkoyenera kugulako kabokosi. Mmisiri wina wachikulire adawamvetsera mwachifatse, kenaka adati: "Ana anga, ine ndimasema zitsa ndi zipika zakugwa kale. Mukagula ndidya, mukaleka ndigona ndi njala. Koma mtengo wamoyo sindiudziwa kumene uli." Palibe adamuyankha. Mtsikana wina adagula ndodo ya mtengo wina woti akwerere phiri.

M'mawa mwake, tisanayambe kukwera, adatitengera ku nazale ya m'mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri. Kuyambira mu 2016 bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, pamodzi ndi nthambi yofufuza za nkhalango ya ku Zomba ndi bungwe la Botanic Gardens Conservation International la ku Britain, lidakhazikitsa manazale otere m'midzi yozungulira phiri, kuti anthu azifesa mkungudza ndi kugulitsa mbande zake kwa obzala. Mbewu zambiri zidachokera ku mikungudza imene idabzalidwa kale pa phiri la Zomba, pakuti kwawo kwenikweni kudalibenso mitengo yokwanira yobala. Taganizani, mwana kukapempha mbewu ya makolo ake kwa mlendo amene adaisunga! Mwa njira imeneyi mbande zikwi mazanamazana zidakwezedwa paphiri, zosenzedwa pamutu.

Ambiri ogwira ntchito pa nazalepo adali amayi. Mnyamata wina wa chaka chachitatu, wophunzira za nkhalango, adayamba kuwafotokozera za kuthirira monga adawerengera m'kalasi. Mayi wina adamulola kuti amalize, ndipo pambuyo pake adatola kachubu kamodzi, nakatembenuza, namuonetsa muzu umene udaboola pansi ndi kupindika. "Mwana wanga, iyi yakhalitsa. Ikapita kumwamba kuja chonchi, idzafa mwezi usanathe. Kayang'aneni pansi, osati masamba okha." Mnyamatayo adatulutsa kope nalemba, ndipo kuyambira pamenepo ankafunsa kwambiri kuposa kulankhula.

Njira zokwerera ku Chambe kuchokera ku Likhubula zilipo ziwiri zodziwika. Ya Skyline ndi yaifupi koma yoimirira, ndipo imatsata pamene padali chingwe chachitsulo chotsitsira matabwa. Ife tidatenga ya Chapaluka, imene imayenda m'mbali mwa mtsinje ndi kudutsa pafupi ndi Dziwe la Nkhalamba, pamene madzi amagwa pa thanthwe nalowa m'dziwe lakuya ndi lozizira kwambiri. Anthu a kuno, Alhomwe, Amang'anja ndi Ayao, ali ndi nkhani zambiri za mizimu ya paphiri, ndipo nkhani zimenezo zidathandiza kuti mu 2025 bungwe la UNESCO lilembe Mulanje pa mndandanda wa malo a mtengo wapatali a dziko lonse lapansi. Ife amene tidziwa Mwini phiri sitiopa mizimu, komabe ndidaona kuti makolo amene ankaliopa phirili adalisiya lili ndi mitengo.

Njira yonse tidakumana ndi anthu otsika. Amayi ndi atsikana ang'onoang'ono adasenza mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni, akuthamanga pang'onopang'ono pa miyala yoterera, ena opanda nsapato. Amuna ena adasenza matabwa. Tidapatukira pambali kuti adutse, ndipo iwo, ngakhale thukuta lili chuchuchu, sadaleke kutipatsa moni. Ophunzira amene pagalimoto ankalankhula molimba mtima za anthu owononga chilengedwe adakhala chete. Nkosavuta kudzudzula wodula mtengo uli m'kalasi. Ukakumana naye pa njira yopapatiza, nuona kuti ndi mtsikana wa msinkhu wa mlongo wako amene adadzuka tambala asanalire, mau amathawa.

Titayenda maola anayi tidatulukira m'chigwa cha pamwamba cha Chambe, pansi pa nsonga ya dzina lomwelo. Pano m'nthawi ya atsamunda padabzalidwa nkhalango ya mitengo ya paini yochokera ku Mexico, imene idadzafalikira yokha niyamba kulanda malo a mitengo yachilengedwe, kufikira padafunika ntchito yaikulu yoichotsa. Lero chigwacho ndi cha udzu, zitsamba ndi zitsa. Bambo amene ankatitsogolera, munthu wa imvi zapatalipatali wochokera m'mudzi wa pansi pa phiri, adatipatutsira m'kakhwawa kena natisonyeza chitsa cha mkungudza. Anyamata atatu adagwirana manja kuti achizungulire. Pamene bamboyo adachipala pang'ono ndi chikwanje, fungo lija la ku Likhubula lidatuluka, ngati kuti mtengo udagwa dzulo.

"Bambo, ndani adadula umenewu?" adafunsa mtsikana wina.

"Amene adadula sindimudziwa, mayi. Koma matabwa onga a umenewu ndidawasenza ine ndemwe, zaka zambiri. Ndiwo adaphunzitsa ana anga. Ocheka adali ena, ogula adali ena, a magalimoto awo, ndipo iwo sadakwerepo phiri lino ndi kamodzi komwe."

Adanena izi mosadzichepetsa ndi mosadzikuza, monga munthu anena za mvula ya chaka chatha. Tsopano amasenza katundu wa alendo okwera phiri, ndipo m'nyengo ya dzinja amasenza mbande.

Ntchito imene ophunzira adapatsidwa siidali yobzala, pakuti kubzala ndi kwa nyengo ya mvula. Ena adakhumudwa nazo. Tonsefe tidakula ndi chithunzi chimodzi cha kusamala mitengo, chochokera ku tsiku lobzala mitengo limene lidayamba m'dziko muno mu 1976: mlendo wolemekezeka agwada, aika kambande m'dzenje, anthu aomba m'manja, onse nabalalika. Za mawa la kambandeko palibe amafunsa. Pa Mulanje ndidaphunzira kuti kubzala ndi kachigawo kakang'ono ka ntchitoyi. Mdani wamkulu wa mkungudza waung'ono ndi moto. Kuyambira mu Ogasiti kufikira mvula yoyamba udzu wa paphiri umauma gwaa, ndipo osaka nyama, ofula njuchi ndi ootcha makala amasiya moto umene mphepo imauthamangitsa chitunda ndi chitunda. Mtengo waukulu wa khungwa lochindikala ukhoza kupirira moto wodutsa, koma kambande ka zaka zitatu kamapsa m'kuphethira kwa diso, ndipo thukuta la amayi a ku nazale, la osenza ndi la obzala limathera m'phulusa. Chodabwitsa nchakuti mtengowu umafuna kuwala kuti umere, motero umakonda m'mphepete mwa nkhalango, pomwepo pamene moto umafikira msanga. Padali mdani winanso, nsabwe za m'mitengo zimene zidalowa m'dziko muno cha m'ma 1980 ndi kuumitsa nthambi za mikungudza yambiri, koma nsabwe sizidaononge zimene adaononga macheka ndi moto.

Tsono ntchito idali yolambula. Ndi makasu, zikwakwa ndi zikwanje tidapala mzere waukulu wozungulira malo obzalidwa, kuchotsa udzu wonse kufikira dothi, kuti moto ukafika usowe podya. Pambuyo pake tidapalira kambande kalikonse ndi kuzula timitengo ta paini timene tidamera pakati pake. Tsiku loyamba lisanathe manja ozolowera cholembera adatuluka matuza. Amuna a m'mudzi amene ankagwira nafe ankalima mtunda wowirikiza katatu wa ophunzira, akucheza ndi kuseka, ndipo kunena zoona, pa ntchito ya khasu yokha gulu lathu silidapindulitse phiri kwambiri.

Phindu lawo lidaonekera pena. Mtsikana wina wochokera ku Phalombe, wophunzira za chilengedwe, adapempha kuti m'malo mongopalira aziwerenganso. Adagawa anzake awiriawiri, wina ndi chingwe choyezera, wina ndi kope. Pa dzenje lililonse ankalemba ngati mbande ili moyo kapena idafa, msinkhu wake, ngati ili pa mthunzi wa chitsamba kapena pa mtetete, ngati dothi ndi lakuya kapena ndi la pa thanthwe, ndipo malo ake ankawasunga pa lamya ya m'manja. Ntchitoyi ndi yotopetsa ndi yosasangalatsa, ndipo maenje ambiri adali opanda kanthu. Koma pofika tsiku lachitatu kope lidayamba kulankhula. Mbande zokhala m'mbali mwa zitsamba ndi m'makwawa obisika ku mphepo zidali zamoyo ndi zobiriwira, zina zofika m'chiuno, pamene za pa mtetete zambiri zidauma ndi chisanu. Bambo wotitsogolera atamva adagwedeza mutu. "Zimenezo timaziona ndithu. Koma tikanena ife pakamwa, zimathera pomwepo. Zikalembedwa, akuluakulu amaziwerenga."

Usiku ku Chambe kumazizira koopsa. M'nyengo imeneyi chiperoni, nkhungu ya mvula yowaza imene idatenga dzina lake ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, imakwera mwadzidzidzi niphimba zonse, kotero kuti munthu saona mnzake ali pa mapazi khumi. Tinkasonkhana m'nyumba ya matabwa ya alendo, pafupi ndi moto, ndipo titadya nsima tinkachita mapemphero. Usiku wina mnyamata wotsogolera adawerenga Genesis 2, za munthu woikidwa m'munda ndi ntchito ziwiri, yolima ndi yosunga, ndipo kukambirana kudatalika. Mmodzi adafunsa mosabisa ngati kubwera kwawo kudali ndi tanthauzo. Iwo adzatsika Loweruka, adzabwerera ku mabuku, ena adzapeza ntchito ku Lilongwe kapena kunja, ndipo moto ukadzabuka mu Okutobala adzauzima ndi anthu omwe aja a m'mudzi. Mlendo ndi mame, adatero, sachedwa kukamuka. Wina adamuyankha ndi mwambi unzake, wakuti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Ine ndiyesa miyambi yonse iwiri idanena zoona za gulu limenelo. Wophunzira amene afika paphiri ndi mtima woti adzapulumutsa mtengo wa fuko m'sabata imodzi ndi mame enieni. Amene afika ndi kalumo kake, ndiko kuwerenga, kuyeza ndi kulemba, nakapereka m'manja mwa eni malo, wasiya kanthu. Ndipo pakati pa anyamata ndi atsikana amenewo pali amene mawa adzakhala m'maofesi osaina zilolezo za matabwa ndi za migodi. Nkwabwino kuti munthu wotere akhale adatulukapo matuza pa Chambe.

Mtsikana wa ku Phalombe sadalankhule zambiri usiku umenewo. Mawa lake, tikupuma pa thanthwe loyang'ana kuchigwa, adatiuza chimene chidamubweretsa. Agogo ake ankasimba za napolo wa mu Malichi 1991, pamene madzi, matope ndi miyala zidatsika phiri la Michesi ndi kukokolola midzi ya ku Phalombe. Iye ankayesa nthano ya akuluakulu, kufikira mu Malichi 2023 pamene namondwe wa Freddy adagwetsa mvula masiku angapo osaleka, mapiri a Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Soche nagumuka, anthu mazanamazana nafa, ena osapezeka mpaka lero. Munda wa amayi ake udasanduka bwalo la miyala. Adatisonyeza zipsera zoyera zotsika m'mbali mwa phiri, pamene nthaka idasendeka kufikira pa thanthwe. Monga wophunzira woona mtima, sadanene kuti mitengo ikadaletsa zonsezo, pakuti mvula yotere imagumula ngakhale malo a nkhalango. Adangoti phiri lovala limamwa madzi ndi kuwatulutsa pang'onopang'ono chaka chonse, pamene phiri lamaliseche limawataya tsiku limodzi, ndipo mu Okutobala mitsinje imaphwa.

Mitsinje imeneyo si ya anthu a ku Mulanje okha. Ruo, Thuchila, Lichenya, Likhubula, Muloza ndi Phalombe yonse imabadwira paphiri pano. Imathirira tiyi, mpunga ndi madimba, ndipo kuyambira mu 2019 madzi a Likhubula amayenda m'mipope kudzera ku Nguludi kukafika mu mzinda wa Blantyre. Mkristu wa ku Limbe kapena ku Bangwe amene atsegula mpope m'mawa kuti asambe popita ku tchalitchi mwina akusamba madzi amene adagwa ngati chiperoni pa udzu umene ana awa ankalambula.

Lachisanu madzulo ophunzira adakopera zonse za m'kope lawo kawiri. Kope limodzi adati akapereke kwa oyang'anira ntchito ya mbande, lina adalipereka kwa bambo uja kuti likasungidwe ku komiti ya m'mudzi. Iye adalikulunga m'pepala la pulasitiki naliika m'kati mwa malaya. Mtsikana wa ku Phalombe adamufunsa kuti mbande zimene adayeza zidzafika liti pa msinkhu wa chitsa chija.

"Inu simudzaziona, mayi. Kapena adzukulu a adzukulu anu."

Loweruka tidatsika ndi njira ya Skyline, miyendo ikunjenjemera pa makwerero a miyala. Kumwamba kudayera, ndipo chigwa chonse chidaoneka, minda ya tiyi, madenga a malata a pa Chitakale, ndi kutali phiri la Chiradzulu. Tili pakati pa njira bamboyo adaima natembenuka, nayang'ana kumene tidachokera. Kuseri kwa chitunda, cha kumbali ya Thuchila, kudali kukwera utsi woonda, woyera.

"Wafulumira chaka chino," adatero.

Adatula katundu amene adasenza, nauza mnyamata wa m'mudzi amene adali nafe kuti atifikitse ku Likhubula ndi kukadziwitsa alonda a nkhalango. Kenaka adathyola nthambi yaiwisi ya masamba ambiri, natenga chikwanje chake, nayamba kukweranso. Mtsikana wa ku Phalombe ndi mnyamata uja wa za nkhalango adayang'anana, adapatsira anzawo zikwama zawo, ndipo nawonso adathyola nthambi namutsata. Enafe tidapitiriza kutsika, chifukwa galimoto ya ku Limbe idali kutiyembekeza, ndipo awiriwo adakafika kwawo Lolemba.